Njerwa ya pa Bokosi la Njoka

Fungo la utuchi wonyowa silinandichoke m'mphuno mpaka lero. Ndikadutsa pamene akalipentala akupala matabwa, makamaka kukawaza kamvula, ndimangopezeka ndabwerera m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba yathu, pa mzere wa nyumba za aphunzitsi pa sekondale ina ya m'mbali mwa msewu wa ku Edingeni. Kachipindako anakamangira makala ndi makasu, koma abambo anakasandutsa khola. Munkakhala kamdima ngakhale dzuwa lili paliwombo. Utuchi wa m'mabokosi unkanunkha paini wosakanikirana ndi mkodzo wa mbewa, ndipo ukaima phee unkamva timapazi tikuyenda tswatswatswa pansi pa mapepala ong'ambidwa.

Ife kumeneko tinali obwera. Kwathu ndi ku Dedza, koma abambo anawatumiza ku Mzimba kukaphunzitsa sayansi, amayi n'kupeza malo a unamwino pa kachipatala ka pafupi. Ana tinali awiri: achemwali anga a Tiyamike, a zaka khumi ndi zisanu, ndi ine, Mphatso, wa zaka khumi. Achemwali anatengera abambo m'zonse. Anali ofatsa manja, okonda mabuku, osaopa chokwawa chilichonse. Ine ndinali wa mtima wapachala, komanso wosaiwala. Amayi ankati mwana wina ukamulakwira amaiwala pofika madzulo, koma Mphatso amakulunga nkhaniyo m'kansalu n'kuibisa pansi pa mphasa. Sankanama.

M'kachipinda muja munali ziweto zimene anthu a nzeru zawo saweta. Munali fulu wokalamba amene ankadya chisoso ndi makoko a mapapaya, tsamba limodzi n'kulitafuna mpaka munthu kutopa kuonerera. Munali nanzikambe m'kabokosi ka sefa, ndipo ntchito yanga inali kumugwirira ziwala m'udzu wouma wa kuseri kwa bwalo la mpira. Ndinkazisonkhanitsa m'botolo, kuthyola miyendo yodumphira, n'kumamuikira chimodzichimodzi pakanthambi, iye diso lina ali kwa ine, lina kwa chiwala, mpaka lilime kutuluka mwadzidzidzi.

Ndiye munali Namaseko. Namaseko anali njoka, chakusa wofiirira wopanda ululu, wotalika ngati lamba wa abambo. Achemwali anamutola zaka zitatu m'mbuyomo mu uvuni wa njerwa, ali wochepa ngati pensulo, amisiri atanyamula kale fosholo kuti amuphwanye. Kukazizira ankamukulunga pamkono pansi pa juzi kuti amve kufunda. Akafundula chikopa, achemwali ankachiwongola mosamala, kuchiyeza ndi rula, n'kuchisunga pakati pa buku lalikulu la mapu, tsiku lake atalemba ndi pensulo pambali. Ine ndinkati n'kudzionetsera chabe, kufuna kuti abambo aziwatama. Namaseko ankakhala m'bokosi la matabwa lokhala ndi galasi kutsogolo, pamwamba pake pali chivindikiro cha sefa chopsinjidwa ndi njerwa yootcha. Lamulo la abambo linali limodzi, ndipo ankalinena tsiku lililonse ngati pemphero la pa chakudya: "Njerwa ibwerere pamalo pake."

Lamulolo linali ndi chifukwa. Mpanda wathu wa udzu unagundana ndi wa aNyaJere, akazi a mlonda wa pasukulupo, amene ankatibweretsera mkaka wa ng'ombe m'mawa uliwonse. Anali mayi oseka, owolowa manja, koma pa nkhani ya njoka sankamva za sayansi. "Asambizgi, njoka ni njoka," ankawauza abambo, powatchula aphunzitsi m'Chitumbuka chawo, uku akuthira mkaka m'botolo. "Ya ululu, yopanda ululu, mbwenu ikafika kwathu ine ndi khasu basi. Ndapota, muzitseka chomene." Abambo ankaseka, koma ankadziwa kuti mayiwo sakuseka nawo.

Namaseko ankadya mbewa zoyera zimene abambo ankaweta pansi pa zenera. Kamodzi pa mwezi ndinkawaperekeza ku boma, ku Mzimba, kukatenga utuchi kwa akalipentala a kuseri kwa msika ndi gaga kuchigayo, tikubwerera pa matola titakhalira matumba athuwo, fumbi lili m'nsidze. Pakatha masiku khumi achemwali ankasankha mbewa imodzi, kuigwira kumchira, n'kuiponya m'bokosi la galasi. Ine ndinkaonerera ndi anzanga a pamzerepo tikukankhana pakhomo, ndipo sindinama, zinkandisangalatsa. Mbewa inali chakudya cha njoka monga chiwala chinali chakudya cha nanzikambe. Sindinaganizepo zoposa pamenepo mpaka tchuthi cha Ogasiti chaka chimenecho.

Kunali kuzizira kwa ku Mzimba kuja kong'amba milomo, mphepo ikuulutsa fumbi ndi timapesi kuchokera m'minda yokololedwa. M'mawa wina tinapeza mbewa yaikazi itauma gwa pakona, pambali pake pali tiana titatu tikupalasapalasa utuchi. Abambo anati tiana topanda make sitikhala moyo, bola tisawonongeke pachabe. Achemwali anaponya koyamba, Namaseko n'kukameza. Anaponya kachiwiri. Kachitatu kanali m'dzanja mwawo pamene kanayasamula kakamwa kake kopanda ngakhale mawu, ndipo sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinangotsomphola, n'kuthawira nako kuseri kwa bafa.

"Kafa pofika mawa," anatero abambo atandipeza. "Koma ngati ukufuna kuphunzira, phunzira."

Kanali kofiira, kosaposa nyemba yonyikidwa m'madzi, maso ali omata, tiubweya tikungoyamba kutuwa pamsana. Ndinakatcha Kanyemba. Amayi, amene ankanyansidwa ndi zonse za m'kachipinda muja, ndi amene anandithandiza, mwina chifukwa namwino akaona chakhanda saona mtundu. Anandipatsa jakisoni wopanda singano, koma dontho lake linali lalikulu, mkaka n'kutulukira m'mphuno, Kanyemba n'kuyamba kubanika. Ndinalira ndithu. Kenako tinayesa kaburashi kopentera ka m'bokosi la abambo, kuviika nsonga yake mu mkaka wa aNyaJere wothira madzi ofunda, n'kukhudzitsa pamlomo. Kanagwira burashiyo ndi timanja tiwiri n'kuyamba kuyamwa. Khungu la pamimba linali lopyapyala moti mkaka unkaonekera m'kati, kachigamba koyera, ndipo kachigambako kakaoneka ndinkadziwa kuti kakhuta.

Panali ntchito ina imene sindikanaidziwa ndekha. Amayi anandiuza kuti kamwana ka mbewa sikakodza kokha, make amachita kukanyambita pamimba. Choncho ndikatha kukamwetsa ndinkanyowetsa thonje m'madzi ofunda n'kumasisita pang'onopang'ono mpaka kadontho katuluke. Kankagona m'chitini cha majarini, pa sokosi yakale ya abambo, pambali pa botolo la madzi otentha lokulungidwa m'nsalu. Pakangotha maola awiri ndinkayambiranso, amayi akundigwedeza phewa ndikagona mopitirira. Manja anga ankanunkha mkaka wosasa, zikope zinkalemera. Tchuthi chonsecho sindinasewere fulaye kapena phada. Anzanga akandiitana pampanda ndinkawayankha monga ndinkamvera amayi a m'mudzi akuyankhira, kuti sindingachoke, ndili ndi mwana.

ANyaJere atamva kumene mkaka wawo ukupita anaseka mpaka kukhala pansi. "Ng'ombe yane ikuyamwitsa mbewa! Yewo, mwana wane, wandionetsa." Kuyambira tsiku limenelo ankandiwonjezera kakapu kapadera, amvekere n'ka mdzukulu wawo.

Achemwali ndiwo sankandipatsa mtendere. Akamadutsa ndi ndowa ankasuzumira m'chitini n'kunena, "Kanenepetse bwino, Namaseko sakonda zowonda." Tsiku lina anayeza Kanyemba ndi chala, n'kukayeza mutu wa njoka pagalasi, akugwedeza mutu ngati telala. Abambo ankangoseka. Ine mawu aliwonse ndinkawakulunga m'kansalu kanga kaja.

Kanyemba sikanafe. Patatha sabata kanatsegula maso, timikanda tofiira, ndipo chinthu choyamba chimene kanaona pa dziko lino chinali chala changa. Posakhalitsa kanayamba kunyambita phala, kenako kukukuta mtedza ndi gaga. Kanali ndi chizolowezi chimodzi. Ndikatsitsa dzanja, kankakwera pachikhatho, kuthamanga ndi mkono, kulowa m'kolala ya juzi, n'kukhala pansi pa khutu langa lakumanzere, ndevu zake zikundigirigisha. Ndinkatsuka mbale, kusesa pabwalo, ngakhale kupita kumjigo kali pomwepo. Ndinkakakonda kuposa mmene ndinkakondera munthu aliyense m'nyumba muja, ndipo sindinkabisa.

Sukulu zitayandikira kutsegulidwa mu Seputembala, kunja kutayamba kufunda, mitengo ya m'thengo itavala masamba ofiira, abambo anagamula. Chitini chinali chitachepa, mphaka wa aNyaJere anali atayamba kuzungulira zenera, komanso mbewa, anatero, si nyama yokhala yokha. Kanyemba kanayenera kulowa m'bokosi la zinzake. Ndinakana, ndinagubuduka pansi, chifukwa m'bokosi limenelo ndi mmene achemwali ankasankhamo. Amayi ndiwo anabweretsa nzeru. Anatulutsa kabotolo ka jivi, mankhwala opaka pazilonda aja, n'kudontheza pamsana pa Kanyemba kadontho ka pepo kooneka patali. Tinapangana tonse anayi titaimirira m'kachipinda muja kuti ya jivi sidyedwa. Ndinawauza achemwali kuti alumbire, ndipo analumbira akuseka. M'bokosimo munakhala mbewa zisanu ndi ziwiri.

Patangopita masiku awiri kunabwera uthenga wa maliro ku Dedza. Anamwalira anali azakhali awo a amayi, amene anandipatsa dzina, choncho amayi ananditenga. Tinakhalako masiku asanu ndi anayi. Anthu akulira m'siwa, ine maganizo ali ku Mzimba, ndipo ndinasunga mtedza wokazinga m'thumba la diresi kuti ndidzapatse mwana wanga. Pobwera, titangotsika matola, ndinasiya amayi ndi zikwama pamsewu n'kuthamangira kuseri kwa nyumba. Ndinasuzumira pa sefa. Ndinawerenga kamodzi, kawiri, katatu. Mbewa zinali zisanu ndi imodzi, zonse zoyera, popanda ya kadontho. Nditatembenuka ndinaona Namaseko atadzipinda pakona ya galasi, pakati pa thupi lake pali potupa ngati wameza dzira.

Ndinawapeza achemwali akuchapa yunifolomu pa mwala. "Mwampatsa Namaseko Kanyemba kanga," ndinatero.

Anandiyang'ana thovu lili m'manja, n'kuseka. "Mwina inde, mwina ayi. Zonse n'zoyera." Ataona kuti nkhope yanga yasintha anasiya kuseka. "Iwe, sindinatenge kako. Ndinatenga yamphongo yaikulu ija. Pita ukaone bwinobwino."

Koma ine ndinali nditaona kale, ndipo kuseka kuja ndinali nditakumva. Ndinakadandaula kwa abambo, iwo ali pa mulu wa makope, ndipo osadzutsa n'komwe mutu anati Tiyamike sanganame, ndisiye kulira ngati kwagwa maliro ena. Pamenepo ndinazindikira kuti khoswe wa pa mkhate sapheka. Mlandu wanga unalibe bwalo. Ndinapukuta misozi, n'kulumbira mumtima kuti achemwali adzalira mmene ndalirira ine, ndipo m'kachipinda muja sindipondamo kufikira tsiku limenelo. Nanzikambe ndinamusiya. Ziwala achemwali azigwira okha.

Ndinayamba ndi zazing'ono. Ndinathira mchere mu tiyi wawo, iwo n'kungotaya n'kuthira wina. Ndinabisa kope lawo la masamu padenga la chimbudzi, mphepo n'kuligwetsera kwa aNyaJere, iwo n'kulibweretsa atalipukuta fumbi. Ndinafika mpaka kudambo kukathyola chitedze ndi timitengo kuti ndikawaze pa bulangete lawo, koma mphepo inanditembenukira, ndipo amene anadzikanda tsiku lonse mpaka kutuluka magazi ndinali ine. Zonsezi sizinandikhutitse. Ndinkawayang'ana akudya, akuseka, akuimba nyimbo za kwaya posesa, mtima wanga n'kumawira. Kuyabwa kwa tsiku limodzi sikukanafanana ndi moyo wa Kanyemba. Ndinkafuna chinthu chimene akachitaya sadzachipezanso, ndipo m'nyumba monse chinthu chotero chinali chimodzi chokha.

Iwo anayesako kundinyengerera. Tsiku lina anandiikira mbatata yootcha pa kope langa, yosenda kale, mmene ndinkaikondera. Ndinaiponyera nkhuku iwo akuona. Tsiku linanso anandikoka dzanja, akuti tiye m'kachipinda muja ukaone wekha, ine n'kuwaluma pamkono. Pamenepo anakwiya nawonso, nati ndikhale ndi uchitsiru wanga, ndipo sanabwerezenso. Zimenezo ndi zimene ndinkafuna. Munthu wokupatsa mbatata ndi wovuta kumukonzera chiwembu.

Kenako ndinafatsa. Ndinasiya mwano, ndinayamba kutunga madzi osatumidwa, moti amayi anayamika Mulungu kuti mwana wawo wakhululuka. Koma ndinkaonetsetsa. Ndikamayanika mbale pa thandala ndinkayang'ana pakhomo pa kachipinda kaja, n'kumaona mmene achemwali akusinthira madzi a njoka: njerwa pansi kudzanja lamanja la bokosi, sefa pambali, mbale kunja, mbale m'kati, sefa, njerwa. Ndinaloweza zonsezo kuposa mmene ndinalowezerapo phunziro lililonse kusukulu.

Loweruka lina achemwali anasintha madziwo m'mawa, n'kupita ku kwaya atadya nkhomaliro. Abambo anali atapita ndi timu ya sukulu ku Euthini, amayi anali ku ntchito. Dzuwa linali litayamba kuswa mtengo, utsi wa moto wa m'tchire uli tolo kumapiri, nyenje zikulira m'mitengo. Ndinalowa m'kachipinda muja osayang'ana kumene kunali mbewa. Ndinanyamula njerwa ndi manja awiri, yolemera kuposa mmene ndinkaganizira, n'kuiika pansi kudzanja lamanja la bokosi, pomwe achemwali ankaiika. Chivindikiro sindinachikhudze. Chitseko ndinachisiya chotsegula pang'ono. Kenako ndinakakhala pa chitsa cha pampanda, pamene udzu unabooka, n'kumaswa mtedza ngati mwana wabwino.

Namaseko sanachedwe. Ayenera kuti anakankha sefa ndi mphuno monga ankayesera masiku onse, ndipo ulendo uno zinatheka. Ndinamuona akutuluka pakhomo, akunyezimira padzuwa, lilime likulawa mphepo. Anadutsa pabwalo mosafulumira, n'kulowa pa chiboo cha mpanda, pafupi ndi phazi langa ndithu, kukaima pa mulu wa nkhuni wa aNyaJere. Pano ndiyenera kunena zoona. Ndikanatha kumunyamula, pakuti ndinali nditamugwirapo kambirimbiri, ndipo sankaluma. Ndikanathanso kungokhala chete, iye n'kulowa m'nkhunimo, n'kukapitiriza moyo wake kutchire. Koma kuthawa kwa njoka sikunali kokwanira. Ndinkafuna achemwali aone mtembo. Ndinaimirira pa chitsa chija, kukoka mpweya, n'kukuwa ndi mawu anga onse: "Njoka! ANyaJere, njoka pa nkhuni!"

Anatuluka ndi khasu monga analonjezera. Amuna awo anabwera ndi chibonga, anthu a pamzerepo ndi miyala. Sizinatenge nthawi. Namaseko sanadzutse n'komwe mutu kuti alume, anangodzipinda, chifukwa manja a anthu ankawadziwa kuti ndi malo ofunda. ANyaJere anazindikira khasu litagwa kale kachitatu. "Iyi si ya asambizgi iyi?" anafunsa akundiyang'ana. Ine ndinati sindikudziwa, zonse n'zofiirira.

Anaikoka ndi mtengo kupita nayo kudzala, kuiunjikira mapesi, n'kuyatsa, pakuti njoka yophedwa sankaisiya osaiotcha. Moto uli m'kati achemwali anatulukira, atavala bulauzi yoyera ya kwaya, buku la nyimbo lili m'manja. Anaima, anayang'ana khamulo, n'kuthamangira m'kachipinda. Kulira kumene kunachokera m'menemo sindinakumvepo kwa iwo chibadwire. Anatuluka n'kuyamba kufukula moto ndi manja, aNyaJere akuwagwira m'chiuno, akuti, "Pepani chomene, mwana wane, sindinadziwe." Bulauzi ija inada bii ndi phulusa. Ine ndinali chiimire pampanda, makoko a mtedza ali pamapazi, ndipo mtima wanga unali mbee. Ndikanakonda kulemba kuti ndinamva chisoni, koma ayi. Ndinamva kukoma, ngati madzi a mumtsuko pa tsiku lotentha.

Abambo atabwera anapita m'kachipinda, n'kupeza njerwa ili pansi pambali pa bokosi. Sanakalipe. Anangoitana achemwali, kuwalozera njerwayo, n'kufunsa kuti anasintha madzi m'mawa ndani. Achemwali anaiyang'ana nthawi yaitali. "Ndikuganiza kuti ndinaibwezera," anatero motsitsa. "Ndikuganiza choncho." Abambo anati woweta njoka saganiza kuti watseka, amatseka, n'kutuluka. Palibe amene anandifunsa ine kanthu. Madzulo amenewo ndinadya bwino, n'kupempha ndiwo zowonjezera.

Kuyambira tsiku limenelo achemwali sanalowenso m'kachipinda muja. Fulu ndi nanzikambe abambo anapita nawo ku labotale ya sukulu, koma mbewa zinatsala, zopanda wozidya, utuchi ukununkha mpaka kukhitchini. Lachitatu amayi anandipatsa tsache ndi thumba la utuchi watsopano, amvekere popeza ndine mayi wa mbewa, ndikachite zaukhondo. Ndinapita monyinyirika. Ndinatsegula sefa, n'kutsitsa dzanja kuti ndichotse kambale ka madzi. Mbewa zina zonse zinathawira pakona monga mbewa zichitira. Imodzi sinathawe. Inanunkhiza chala changa, kukwera pachikhatho, kuthamanga ndi mkono, kulowa m'kolala, n'kukhala pansi pa khutu langa lakumanzere.

Ndinakhala pansi, pa utuchi wakuda uja. Ndinakatulutsa m'kolala, kupita nako pazenera, n'kupatula ubweya wa pamsana ndi chikhadabo. Pakhungu penipeni panali kamthunzi ka pepo, kochepa ngati nsonga ya singano. Mbewa zimanyambitana. Zimagona mulu umodzi, iyi kutsuka iyo, iyo kutsuka inzake, ndipo pa masiku asanu ndi anayi a maliro aja zinzake zinali zitalandira Kanyemba n'kukasambitsa mpaka jivi yense kutha. Ndinali nditaziona zikuchita zimenezi kambirimbiri. Abambo ndi sayansi yawo, amayi ndi unamwino wawo, palibe amene anaganizako pamene tinkalumbiritsana. Ndipo ine, sabata zitatu zathunthu, sindinatsitse dzanja m'bokosi ngakhale kamodzi, chifukwa mkwiyo wanga ndinkaukonda kwambiri moti sindinkafuna kuuyesa.

Ndinatuluka nako kali paphewa. Achemwali anali pakhonde, zala ziwiri zili m'bandeji, buku la mapu lili pamiyendo losatsegula. Anakweza maso, anaona Kanyemba, ndipo ndinadikira kuti andilalatire, kapena kuti ayambe kundikayikira pa za njerwa. Anangomwetulira pang'ono, maso ali otupa. "Ndinakuuza," anatero. "Bola kako kali moyo." Anatambasula dzanja labwinolo n'kukasisita pamutu ndi chala chimodzi. Ndinafuna kuulula za njerwa ija, koma sindinatero.

Kanyemba kanakhala zaka ziwiri, kanafa ndi ukalamba, ine n'kukakwirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Abambo sanawetenso njoka. ANyaJere anapitiriza kutibweretsera mkaka, koma kakapu kapadera kaja kanatha, ndipo nthawi zina ndinkawapeza akundiyang'ana motalika. Ndi nzeru za zaka khumi ndinadziuza kuti nkhani yatha bwino ndithu. Kanga kapezeka, njoka ndi njoka, ndipo achemwali adzaiwala pofika madzulo ena monga ana ena aiwalira.

Achemwali tsopano ndi dokotala wa ziweto kumbali ya ku Champhira, ndipo ndimawayendera chaka chilichonse. Anthu amawatama kuti ndi osamala. Akatseka khola la nkhuku amayenda pang'ono, n'kubwerera kukagwedeza chitseko. Akatseka botolo la mankhwala amalitsegulanso kuti alitseke bwino. Ulendo wathawu tinali titakwera kale galimoto kupita kutchalitchi pamene anazimitsa injini, kutsika, n'kubwerera kukagwira loko wa pageti amene ndinawaona ndi maso angawa akukhoma. Ana awo anaseka, ati amayi ndi choncho. Atabwera anandiyang'ana mwamanyazi. "Ukuudziwa mutu wanga," anatero. "Zoiwala kutseka ndinayamba kalekale."

Ndinatsegula pakamwa. Kansalu kaja ndikadali nako, koma zimene zili m'menemo tsopano si zolakwa za anthu ena. Ndinawauza kuti geti ndi lokhoma, ndinaona ndekha, ndipo tinanyamuka.